Mtanda Umene Ndinawotcherera Ndekha

Mkazi wanga anamwalira mvula ili mkati. Chimanga chitauma, abale ake anasankha Loweruka lina loti akaike mtanda pamanda ake, kumudzi kwawo m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Amene anabwera ku Insaca, kumene ndimakhala, kudzandiuza anali amalume ake, eni mbumba, bambo wa thupi lalikulu amene amalankhula ngati womumverayo ali kutsidya la mtsinje. Anati mtandawo akapangitsa ku tauni ya Cuamba kwa anthu odziwa ntchito, ine ndingobwera.

Ndinawayankha kuti mtandawo ndipanga ndine.

"Inu? Ndi choko?"

Funso lawo linali loona. Ndimaphunzitsa Fizika pa sekundariya, ndipo kufikira tsiku limenelo chitsulo chachikulu chimene ndinali nditagwirapo ntchito chinali supuni. Koma bokosi anakhoma ndi ena, kumusambitsa anamusambitsa ndi ena, manda anakumba ndi adzukulu. Ine ndinangokhala pamphasa, anthu n'kumandigwira chanza. Ndinkafuna kuti pamanda pake pakhale chinthu chimodzi chochokera m'manja mwanga. Izi sindinawauze. Ndinangobwereza kuti ndipanga ndine.

"Chabwino," anatero. "Bweretsani wanuwo. Inenso ndibweretsa wanga. Anthu ali ndi maso, adzasankha."

Kuseri kwa msika kuli ofisina, ndiko kuti malo ogwirira ntchito, ya bambo wina wowotcherera amene aliyense amangomutcha Mesitire. Ndi Msilamu wa ndevu zoyera, ndipo ndinkaopa kuti akana ntchito ya mtanda. Anangoseka.

"Mtanda ndi zitsulo ziwiri, a Dotolo. Chachitali ndi chachifupi. Ndapanga yambiri, ndipo palibe mwini wake amene anabwerako kudzadandaula."

Kuno aliyense amene anapita ku koleji ndi Dotolo, ngakhale sadziwa kumanga chilonda. Nditawafotokozera kuti sindikufuna kuti andipangire koma kuti andiphunzitse, anandiyang'ana manja kwa nthawi, nawatembenuza ngati nsomba yapamsika, kenaka n'kunena kuti ndizibwera ndikaweruka.

Makina awo anapanga okha. Anali mawaya a kopa okulungidwa m'nsanza za chitenje, atakhazikidwa pathabwa, ndipo ankang'ung'udza ngati njuchi zili m'chitini. Mphamvu ya magetsi sankaisintha ndi batani. Panali timawaya titatu totuluka m'mbali, ndipo ankakola chingwe pa kamodzi mwa timeneti. Koyamba ankati ndi ka mbaula, kachiwiri ka njinga, kachitatu ka mageti a anthu olemera. Akakola pa kachitatu, makina ometera a mnansi wawo ankaima pakati pa mutu wa munthu, ndipo wometayo ankakuwa kuseri kwa mpanda: "Mesitire, kasitomala wanga watsala theka!"

Tsiku loyamba ndinaganiza zowaonetsa kuti sindinabwere chimanjamanja. Ndinawafotokozera kuti kuwotcherera ndi magetsi kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina umapanikiza zitsulo ziwiri, magetsi n'kudutsa pamene zakhudzana, ndipo poti pamenepo amadutsa movutikira, pamatentha mpaka zitsulo zimagwirana zokha popanda chowonjezera. Kwinaku, kumene iwo amachita, magetsi amalumpha kampata ka mpweya kuchoka pa ndodo kupita pa chitsulo, ndipo moto wa kulumphako ndi umene umasungunula zonse ziwiri. Ndinajambula pansi ndi msomali. Ndinalembanso ndi masamu ake.

Anamvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu. Kenaka anafufuta ndi phazi, nandipatsa mbaniro yokhala ndi ndodo yowotcherera, imene iwo amati iletirodo.

"Ndiye kalumphitseni magetsi anuwo, tione."

Ndinatsitsa chigoba chotchinga kumaso, dziko lonse n'kuda bii. Ndinagunda chitsulo ndi ndodo. Inamatirira. Ndinakoka, siinachoke. Makina anayamba kubuula, ndodo inafiira, ndipo ine ndinali kukoka ndi manja awiri ngati ndakola mlamba.

"Ipotozeni! Ipotozeni, a Dotolo, muotcha makina!"

Itathothoka ndinakhala pansi mosafuna.

"Mukubaya ngati mukupha njoka," anatero. "Ndodo sabaya. Amakhwatcha ngati machesi. Moto ukayaka, inyamuleni pang'ono, mpata wake ukhale ngati kunenepa kwa ndodoyo. Mukatalikitsa uzima, mukayandikitsa imata."

"Nanga ndidziwa bwanji mpatawo poti sindikuona kanthu?"

"Makutu muli nawo? Ikamalira ngati matemba ali m'mafuta, ndiye kuti zikuyenda. Ikamalira ngati agogo akutsokomola, mwalakwa."

Sabata yonse yoyamba agogo anatsokomola. Ndinkaboola zitsulo m'malo moziphatika. Pena ndinkaona ngati ndachita bwino, mzere wonenepa wakuda uli pamalo pake, koma Mesitire ankabwera ndi kanyundo, n'kugogoda kamodzi, chonsecho n'kugwa. Inali nkhanambo chabe, ija imatsala pamwamba ndodo ikasungunuka. Pansi pake panali timadontho titatu totalikirana.

"Apa padutsa nkhuku," ankatero, "ndipo inali yotsegula m'mimba."

Zothetheka zinandiboola malaya awiri a kuntchito. China chinalowa mu nsapato, ndipo ndinavina gule amene wometa uja anasiya kasitomala kuti adzaonere. Koma ndiyenera kunena kuti m'miyezi yonse ija, nthawi yokhayo imene mutu wanga unkakhala chete inali mkati mwa chigoba chija. Mumakhala mdima, kadontho kamodzi kobiriwira, ndi phokoso. Simukwana china chilichonse.

M'sabata yachitatu Mesitire anati tsopano ndikhoza kugwira zitsulo zenizeni. Tinadula mapaipi awiri, tinawayala pa tebulo lachitsulo, iwo n'kupita kukapemphera. Chingwe chachiwiri cha makina, chimene amati masa, chimakoledwa pa tebulolo kuti magetsi apeze njira yobwerera, motero tebulo lonse limakhala lokonzeka kugwira moto paliponse pamene ndodo yagunda. Ndinkadziwa zimenezi bwino lomwe. Ndinatsitsa chigoba, ndinakhwatcha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva matemba ali m'mafuta. Ndinayendetsa dzanja pang'onopang'ono. Nditagogoda nkhanambo, pansi pake panali mzere wosalala, wonyezimira, wokongola kuposa wina uliwonse umene ndinali nditapanga.

Ndinali nditawotcherera mtandawo ku tebulo.

Mesitire atabwera anayesa kuunyamula, tebulo n'kunyamuka nawo. Anaitana wometa. Wometa anaitana kasitomala wake, amene anabwera nsalu ili m'khosi.

"Ntchito yabwino," anatero Mesitire. "Yolimba. Mungonyamula ndi tebulo lomwe, akuchipongozi azidyerapo."

Ndinatha madzulo awiri ndikudula mzere wokongola uja ndi macheka.

Pofika Lachitatu la sabata yomaliza mtanda unali utaima, wopendekeka pang'ono dzanja limodzi, koma utaima. Chinatsala chinali dzina. Ena amalemba ndi penti, koma penti imasuluka ndi mvula ziwiri. Mesitire amalemba ndi ndodo yomweyo pa kachitsulo kaphanthi, zilembo n'kutukuka ngati mizere ya mbatata. Anadzipereka kuti dzina lokha alembe iwo. Ndinakana. Anati ndibwere mawa.

Mawa lakelo magetsi anathima. Lachisanu sanabwere. Ndinakhala pa ofisina mpaka dzuwa kulowa, ine ndi Mesitire ndi wometa, tonse tikuyang'ana babu ngati odwala akudikira namwino. Anabwera Loweruka m'mamawa, tsiku lenilenilo. Ndinathamangira ku ofisina nditavala kale buluku la suti. Mesitire anali asanafike, koma ankabisa kiyi pansi pa giya yakale ya thirakitala, ndipo ndinkadziwapo.

Ndinalemba dzina la mkazi wanga ndi choko pa kachitsulo kaja. Zilembo zisanu ndi chimodzi. Nditatsitsa chigoba, choko sichinaoneke. Chilembo choyamba chinayambira pamalo pake n'kukathera kwina. Ndinatembenuza kachitsuloko, ndinalembanso ndi choko. China chosinthira panalibe, ndipo chapa, minibasi yopita kunyanja, siidikira munthu.

Chaka chilichonse ndimaphunzitsa ana kuti moto wa kuwotcherera uli ndi kuwala kwina kosaoneka kumene kumawaula khungu la diso monga dzuwa liwaulira tsamba. Ndimawafunsa pa mayeso. Ndimachotsera mamalikisi amene aiwala. Ndinaika chigoba pambali, ndinatsinzina pang'ono ngati munthu wosuzumira m'chitsime, ndipo ndinalemba dzina la mkazi wanga ndikuona, chilembo ndi chilembo, mpaka kumapeto. Kenaka ndinamatika kachitsuloko pa mtanda, ndikuonanso.

Mesitire anandipeza ndikupukuta. Anaona mtanda, anaona chigoba chili pansi, anaona nkhope yanga.

"Mwaona moto ndi maso?"

"Pang'ono chabe. Sindikumva kanthu."

"Simungamve pano. Umenewu ndi mlendo wobwera madzulo." Anapukusa mutu. "Ana a sukulu muwauza chiyani, a Dotolo?"

Mu chapa munali nkhani. Kobradori, wokweza anthu uja, anati mtanda ukwere padenga. Padenga panali kale njinga ziwiri ndi matiresi, ndipo dalaivala anati sangayende mtanda utaima pamwamba ngati wanyamula maliro, anthu a m'njira sangakwere. Motero unalowa mkati, utagona pamiyendo ya anthu anayi. Mayi wina ananena kuti iye sanadwale ndipo safuna kuzolowerana nawo. Bambo wina anapachikapo jumbo yake ya tomato. Ine ndinafumbata mbali ya dzina kuti isakande munthu, ndipo tinayenda choncho m'mabampu onse.

Tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Anthu anali atasonkhana kale pabwalo la apongozi anga, amayi ake a malemu. Mtanda wa amalume unali utatsamira ku mtengo wa mango: wopakidwa penti yasiliva, wa maluwa achitsulo opindidwa bwino, wowongoka ngati msilikali. Ndinatsamiritsa wanga pambali pake. Kenaka mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, amene sanandichitirepo chifundo chiyambire, analankhula.

"Alamu, munachita kuupanga kapena munautola pa ngozi?"

Amalume anauzungulira kawiri. Analoza dzanja lopendekeka. Analoza polumikiza. "Izi ndi chiyani, zotupa izi? Mtanda uli ndi mphere?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti kulimba kwa cholumikizira sikuoneka pamwamba. Nthawi yomweyo ndinamva ngati wina wandithira mchenga wodzaza dzanja m'maso onse awiri. Ndinaphethira. Mchengawo unasanduka magalasi osweka. Misozi inayamba kutsika, osati ya kadontho, koma ngati mpopi woiwalika. Mphuno nayo inatsatira. Ndinayesa kutsegula maso, kuwala kunandibaya, ndinawatseka ndi manja n'kugwada pansi.

Pamaliro enieni sindinalire. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinamva pambuyo pake kuti anthu anazinena zimenezo kwa miyezi, kuti sukulu inaumitsa mtima wa mkamwini. Tsopano anaona mkamwini yemweyo atagwada m'fumbi patsogolo pa mtanda wake wopendekeka, akubuula. Mayi wina anayambitsa. Ena anamulandira. Posakhalitsa bwalo lonse linali kulira, ndipo a kwaya anayamba nyimbo.

"Si zimenezo," ndinkatero. "Ndi maso chabe."

"Lirani, bambo, lirani," anandiyankha munthu wina akundisisita pamsana. "Zinakhalitsa m'kati."

Ndinamva mawu a amalume ali pafupi, atafewa koyamba chibadwire. "Ine sindinanene kuti ndi woipa. Ndangofunsa za zotupazo."

Winawake anandigwira dzanja, nanditengera kuseri kwa nyumba pamthunzi, nandikhazika pa mtondo wogona. Ndinamva mawu a mlamu wanga akuti akatenge madzi. Mapazi anachoka. Patapita kanthawi mapazi anabwera, beseni linagunda pansi, munthu n'kukhala pafupi nane.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala moyandikana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mukamalankhulana mumakhala patali, nkhope kumbali, mawu ochepa. Zaka zitatu za ukwati wathu, sindinayang'anepo amayi aja m'maso. Choncho sindinakayike n'komwe kuti amene wakhala phewa ndi phewa ndi ine ndi mlamu wanga.

"Iwe," ndinatero, "ndithandize, anthuwa ndawanamiza. Si chisoni ichi. Ndawotcherera popanda chigoba m'mawa uno ngati chitsiru, ndapsa maso. Amalume ako akasankha wanga chifukwa cha misozi imeneyi ndiye kuti ndaba. Komanso wawowo ndi wabwino, ndaona ndisanachite khungu. Wangawu ukuoneka ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Kungoti ndimafuna, iwe, ndimafuna chinachake chokha. Usawauze amayi. Amandiona kale ngati mbuzi yovala tayi."

Nsalu yonyowa inagwa pamaso panga, yozizira, yonunkhira masamba a tiyi.

"Mbuzi sindinanenepo," anatero mawu amene sanali a mlamu wanga.

Ndinadzambatuka kuti ndithawe, ndinagunda beseni, ndinawombana ndi nkhokwe. Dzanja linandikoka malaya n'kundibwezera pa mtondo.

"Khalani pansi, bambo. Lero simukundiona, ndiye palibe mwambo umene tikuswa." Anamanga nsaluyo kumbuyo kwa mutu wanga mwamphamvu, ngati akumanga thumba la usipa. "Mukuganiza kuti sindinadziwe? Nthawi ya nkhondo tili ku Malawi, malemu apongozi anu ankagwira ganyu kwa wowotcherera. Ankabwera chonchi mwezi uliwonse. Nkhope yanu yafiira ngati chimanga chootcha, nsidze zapsa. Ndinakuonani mukutsika chapa."

Ndinangopepesa, sindikudziwa kuti ndinkapepesa chiti.

"Chigobacho munachichotseranji?"

"Sindimaona zilembo."

Apongozi anga anaitana mlamu wanga kuti abweretse mtandawo. Ndinamva chitsulo chikukhwekhwereza pansi. Apongozi anga sanapite ku sukulu, nkhondo inawapeza ali mtsikana. Ndinamva chikhadabo chikuyenda pa chitsulo, chikukwera ndi kutsika pa mizere ija, pang'onopang'ono, kuima, n'kuyambanso.

"Ili ndiye dzina lake?"

"Ndi lomwelo, amayi," anatero mlamu wanga. "Kungoti chilembo chachinayi chikuoneka ngati chaledzera."

"Chete iwe. La pa winawo ndalipapasa, palibe chimene chikumveka, ndi penti." Chikhadabo chinayendanso kamodzi. "Tiika uwu."

"Amalume akwiya."

"Mwana ndinabala ndine." Kenaka anandiyandikira khutu. "Za chigobazo musawauze achimwene anga. Alira nawo kale, musawachititse manyazi."

Kumanda ndinapita mlamu wanga atandigwira dzanja, nsalu ili kumaso, akundiuza mochedwa dala za zitsa ndi maenje. Amalume sanagonje msanga. Ndinawamva akunena kuti alibe mawu pa zimene mlongo wawo wasankha, koma chinthu chopita pamanda a mbumba yawo chiyenera kuyesedwa, kuopa kuti chingathyoke ndi mphepo yoyamba anthu n'kumaseka mtundu wonse. Zimene zinachitika kenaka ndinazimva ndi makutu, mlamu wanga akundiuza ngati woulutsa mpira pa wailesi.

"Auika pa miyala iwiri. Akuvula jekete. Akukwera, alamu. Aponda polumikiza penipeni."

Ndinakumbukira timadontho titatu tija pansi pa nkhanambo.

"Akudumpha."

Panamveka kulira kwa chitsulo, kenaka kanthu kanagwa, anthu n'kufuula.

"Chathyoka?" ndinafunsa.

"Kachidutswa kakuda kagwa."

"Ndi nkhanambo imeneyo! Siigwira kanthu, imangophimba pamwamba pamene chitsulo chikuzizira kuti mpweya..."

"Alamu, muli pamanda, si m'kalasi. Akudumphanso."

Anadumpha katatu. Kachitatu mwala umodzi unagubuduka, ndipo ndinamva thupi lalikulu likugwa m'masamba ouma, adzukulu akuyesetsa kubisa kuseka ndi chifuwa. Kenaka mawu a amalume, akupuma mwawefuwefu:

"Ndi woipa maonekedwe. Koma wagwira."

Wina anafunsa kuti nanga wasiliva uja atani nawo. Amalume anati ausunga kunyumba, sudzasowa ntchito. Mlamu wanga anafunsa ngati akufuna tiwalemberetu dzina lawo, ndipo anamuthamangitsa ndi chipewa.

Adzukulu anakumba kadzenje kumutu kwa manda, nasakaniza simenti. Atauimika anayamba kukangana: akawongola thunthu, dzanja limapendekeka, akawongola dzanja, thunthu limatsamira. Apongozi anga anati awongole thunthu, dzanjalo alisiye momwe linapangidwira. Kenaka anati mwini wake augwire mpaka simenti itagwira.

Ananditsogolera, naika manja anga pa chitsulo. Chinali chofunda ndi dzuwa. A kwaya anaimba, abusa anapemphera, anthu anayamba kubwerera kumudzi kukadya. Mmodzi wa adzukulu anandiuza kuti tsopano ndikhoza kusiya, wauchirikiza ndi miyala. Ndinamuyankha kuti simenti imachedwa kugwira kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo ndinakhalabe pomwepo.